Khoma Lolira Ngati Ng'oma

Mayfair, Joni
10 Januwale 2016

Okondeka Amayi,

Asalamu alaikum. Kuno kwatentha kuyambira m'mawa, ndipo pano nthawi ili cha m'ma 3 koloko masana. Mitambo yasonkhana yakuda bii, koma ikungodutsa ngati mmene mukuti ikuchitira kwathu ku Nselema. Lero ndi Lamulungu, tsiku langa lopuma, ndiye ndakhala kuseri kwa nyumba ya abwana kuti ndikulembereni. Ine ndili bwino, Alihamudulillahi. Kaya inu ndi miyendo yanu ija? Nanga mwana wanga Jamila? Achemwali Esime, zikomo powawerengera amayi. Ndimakonda kulemba chifukwa pafoni ya aneba mawu amandithera, komanso mudzi wonse umamvera nawo.

Che Twalibu, bambo a Jamila, ananyamuka kuno pa 20 Disembala ndi katundu wanu: ufa matumba awiri, mafuta ophikira, shuga, sopo, ndi diresi lobiriwira la Jamila lokhala ndi timaluwa pakhosi. Mpaka lero sindinamve kuti wafika, ndipo foni yawo sikupezeka. Mundiuze. Ufawo musagawe kwambiri, ndamva kuti thumba la chimanga ladutsa 13 sauzande ku Balaka. Mbuzi yaikazi ija musagulitse ngakhale zitavuta bwanji.

Mwezi watha abwana ndi adona anapita kutchuthi, anandisiya ndi amisiri amene ankadula chipinda chochezera pakati. Amayi, khoma lake mukanaseka. Mulibe njerwa ngakhale imodzi. Amaimika tizitsulo topyapyala motalikirana, ngati mitengo ya nyumba isanamatidwe, kenako amakhomerapo mabodi oyera a choko uku ndi uku. M'kati muli mphepo yokha. Koma akapaka penti simungalisiyanitse ndi makoma enawo.

Mmisiri wake ndi a Elliam, bambo wachikulire wa ku Balaka, Mkatolika. Atamva ndikuimba chamumtima m'Chiyao posesa fumbi, anasangalala ngati aona mwana wawo. Tsiku lomaliza anandiitana.

"Chemwali, tagogoda apa."

Ndinagogoda. Linalira ngati ng'oma.

"Tagogodanso apa, chakumanzere, m'munsi pang'ono."

Pamenepo panamveka mouma.

"Ndabisapo thabwa lochindikala. Eni ake akadzagula tivi, chitsulo chake adzamange pomwepa basi. Pena ponsepa ndi bisiketi. Udzawauze, wamva?"

Ndinavomera ndi mutu. Koma mukudziwa pakamwa panga. Adona akandiyang'ana Chizungu chonse chimathawa. Ndidzawauza ikadzabwera tiviyo.

Kamwana ka adona, Zahira, kayamba kuyenda. Sikagona popanda kuberekedwa ndi chitenje changa. Ndikakabereka ndimatseka maso, ndimati ndi Jamila.

Ndine mwana wanu,
Lukiya


14 Febuluwale 2016

Amayi,

Asalamu alaikum. Ndili moyo. Sindinganene kuti ndili bwino. Kalata yanu inafika Lachinayi ndi wa basi uja amene amatinyamulira makalata, ndipo ndaiwerenga katatu, mwina ndinalakwitsa. Sindinalakwitse.

Ndiye kuti inu mukuphika mango osakhwima ndi kudya nyika zokumba m'madzi a ku nyanja ya Chiuta, pamene ufa wanga ukusefedwa ku Kalembo. Ndiye kuti munthu amene ndinamuperekeza kubasi, nditamusenzera matumba pamutu, anatsikira ku Balaka n'kukamanga ukwati ndi mkazi wina wa ku Kalembo dzina lake Nafisa, ufa wa mwana wake n'kukhala chakudya cha anthu a paukwati. Achemwali, mwati diresi lobiriwira lija munaliona pamsika wa Ulongwe litavalidwa ndi mwana wa mlamu watsopano wa che Twalibu. Mukanapanda kundiuza zimenezo mwina ndikanagona.

Jamila musamuchotse kuchipatala mpaka mapazi aphwe. Chiponde chimene akumupatsa ndi chake yekha, ana a aneba asalawe. Tsitsi lofiiralo lidzamera lina, musamumete. Ndakutumizirani pang'ono kudzera kwa wa basi yemweyu, mugule chimanga, osati madeya.

Che Twalibu anabwerako. Mwezi utatha anafika pageti kudzatenga malipiro anga monga mwa masiku onse, atavala kapu yatsopano.

Ndinati, "Ufa uja uli kuti?"

"Njala ili paliponse, Lukiya. Ku Kalembo nakonso kuli anthu."

"Nanga diresi?"

Anaseka. "Diresi amadya?"

"Jamila watupa."

"Ana amatupa, amaphwa. Tabweretsa kuno, ndikufulumira."

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinati, "Ndipatseni talaka, ukwati uthe."

Anaseka mpaka kugwira geti. "Ndikusiye iwe wolandira mwezi ndi mwezi? Ndapenga? Ndimaloledwa akazi anayi, ndangofika pa awiri. Udzafa uli mkazi wanga."

Zina zimene zinachitika pagetipo sindilemba. Dzino silinachoke, likungogwedera. Adona ndinawauza kuti ndinagunda chitseko.

Amayi, ndikufuna chinthu chimodzi chokha, kuti dzina la munthu uyu lichoke pa ine. Mwa ubwino wakana. Sinditha kukalipa, sinditha ndewu. Koma ndimatha kudikira.

Lukiya


20 Malichi 2016

Amayi,

Asalamu alaikum. Ndamva kuti Jamila watuluka ndipo wayamba kuseka. Alihamudulillahi. Ine ndili bwino, dzino lalimba. Mwati chimanga cha kumunda chapserera chisanamasule. Mubzale mbatata kudimba la malume, mbewu ndigula ine.

Abwana agula tivi. Ndi yaikulu ngati chitseko chogonekedwa cham'mbali, anainyamula amuna awiri. Yabwera ndi chitsulo chakuda chomangira kukhoma, chokhala ndi mkono wopinda ngati chigongono. Akuti ukaukoka mkonowo tivi imachoka kukhoma n'kutembenukira kumene ukufuna, kaya kumipando kaya kutebulo lodyera. Ikadali m'katoni. A Elliam ali ku Cape Town kuntchito ina mpaka Meyi, ndipo abwana sakufuna kudikira.

Achemwali, kuyambira apa muwerenge chamumtima, amayi asamve.

Che Twalibu masiku ano akudzitcha mmisiri wa zonse. Anagula dirilo yakale, makina oboolera khoma aja, ndipo amayenda ndi chikwama cha zitsulo m'makomo mwa amwenye. Inu mukuwadziwa. Anaumbapo njerwa ku Nselema, anamangapo khola la mbuzi la amalume lomwe linagwa ndi mvula yoyamba. Khoma la mabodi sanaligwirepo.

Lachitatu adona akudandaula za tivi, ine amene sindiyankhula ndinayankhula. Ndinati, "Ndikudziwa munthu wa kwathu, ali ndi dirilo." Sindinanene kuti ndi mwamuna wanga. Za thabwa la a Elliam sindinanenenso.

Ndikudziwa kuti zikalakwika, ntchito yanga ingathe, ndipo ntchito imeneyi ndiyo nkhokwe yanu chaka chino. Ndaganiza mpaka mutu kupweteka. Ndadziuza chonchi: akabwera n'kundifunsa kamodzi kokha kuti Jamila ali bwanji, ndiwagwira dzanja ndi kuwaonetsa pamene pali thabwa. Akapanda kufunsa, ndigwira tsache langa.

Tsopano mukhoza kukweza mawu. Amayi, sopo ndi mchere zili m'kajumbo kabuluu.

Lukiya


17 Epulo 2016

Amayi,

Asalamu alaikum. Kuno kwayamba kuzizira m'mawa. Ndili bwino, ndikhulupirira inunso. Ndaona kuti achemwali anakuwerengerani zonse, poti mwandilembera kuti ndimusiyire Allah. Ndamva, Amayi. Sindinakhudze munthu. Ndikuuzani mmene zinayendera, muweruze nokha.

Anabwera dzulo, Loweruka, cha m'ma 10 koloko. Anapatsa moni abwana ndi Chizungu chambiri, ine anangondiponyera jekete kuti ndikoleke. Ndinaima pafupi ndi tsache, ndikudikira funso lija. Anandifunsa ngati m'nyumba muno amapereka tiyi kwa amisiri.

Anayeza ndi tepi, nalemba madontho asanu ndi limodzi ndi pensulo, pakati penipeni pa khoma, m'mwamba. Thabwa lili chakumanzere, m'munsi. Ndikuuzeni zoona, pakamwa panatseguka pokha.

"Bambo a Jamila, khoma ili…"

"Khoma ili latani? Unamangapo ngakhale chimbudzi iwe? Gwira tsache, usandichititse manyazi pamaso pa bwana."

Ndinagwira tsache.

Anatsamira dirilo ndi mphamvu zonse monga amachitira panjerwa. Inangolowa yonse kamodzi, ngati mpeni m'papaya lakupsa, mpaka anagunda chipumi kukhoma. Kunatuluka fumbi loyera ngati ufa woyera. Anaima. Pamenepo anadziwa, Amayi, anadziwa kuti kuseri kulibe kanthu. Anacheuka, abwana anali pafoni. Munthu wina akanati, bwana, khoma ili sindikulidziwa. Iwo anati, "Simenti ya kuno ndi yofewa," naboola ena asanu.

Analowetsa timapulagi tapulasitiki tija timene amaika m'njerwa kuti sikuluwu igwire. Tinkangogwedera, kena kanagwera m'kati, tinakamva kakugwa pansi. Ndiye anandinong'oneza, "Kanditengere machesi." Munaonapo mmene amachitira kwathu msomali ukamagwedera pakhoma la zidina, amatsinyirapo timitengo. Anatsinyira machesi bokosi lonse m'mabowo, anathirapo guluu, namanga chitsulo. Anaikapo levulo, kadontho kamadzi kanakhala pakati bwinobwino, ndipo anaitana abwana kuti adzaone kadonthoko.

Tivi anaikweza awiri ndi abwana. Inakhala. Mkono wa chitsulo unali wopinda, tivi itamatirira kukhoma, ndipo che Twalibu sanaukoke, anati guluu aume kaye sabata ziwiri. Abwana anawagwira paphewa. Potuluka anandiuza kuti, "Waona mmene amagwirira ntchito amuna?" Ndinati, "Ndaona."

Mphasa yosewererapo Zahira ndaichotsa m'chipindamo, ndaiika kukhitchini. Ndauza adona kuti pansi pa tivi pakuzizira. Zahira akafuna kulowa kochezera ndimamubereka. Msana ukuwawa, koma sindimutsitsa.

M'mawa uno ndapeza kafumbi koyera pansi, m'munsi mwa tivi. Ndasesa adona asanadzuke.

Lukiya


1 Meyi 2016

Amayi,

Asalamu alaikum. Ndili bwino. Jamila mumupsompsone.

Yagwa.

Sabata ziwiri zonsezi ndakhala ndikusesa kafumbi kaja m'mawa uliwonse, tsiku lililonse kochulukirapo. Abwana ali ndi akulu awo amene ali ndi nyumba zogona alendo, zipinda khumi ndi ziwiri, ndipo chipinda chilichonse chikufuna tivi pakhoma. Anati abwere adzaone ntchito ya mmisiri wa ku Malawi. Che Twalibu anaitanidwa dzulo masana. Anabwera ndi mkanjo woyera ndi nsapato zosongoka, akununkhira mafuta. Pageti anandiuza kuti, "Ndikapata ntchito iyi ndimuitanitsa Nafisa, adzagona chipinda chimodzi ndi iwe, umuphunzitse kukolopa."

Alendo anakhala kutebulo lodyera. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, Zahira ali kumsana, ndipo ndinamanganso chitenje kachiwiri. Akulu a abwana anati, "Tatembenuzira kuno tione."

Che Twalibu anagwira tivi ndi manja awiri, akumwetulira alendo, naikoka. Mkono unatambasuka wonse. Kunamveka kulira pang'ono ngati munthu akuthyola chinangwa chouma. Kenako khoma linasanza chitsulo chonse pamodzi ndi chidutswa cha bodi chachikulu ngati lichero. Tivi inawagwera paphazi, inagwa chafufumimba, galasi linasweka. Fumbi loyera linadzaza mkanjo, ndevu, nsidze. Pakapeti panamwazika timitengo ta machesi.

Akulu a abwana anawerama, natola kamtengo kamodzi, nakayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa, "Ichi n'chiyani?"

Che Twalibu anati, "Bwana, ndikatenge chitsulo china panja." Anatuluka akutsimphina. Pofika pageti anali akuthamanga. Anasiya chikwama cha zitsulo, dirilo, ndi nsapato imodzi.

Mufunsa ngati ndinaseka. Iyayi. Zahira anadzidzimuka n'kuyamba kulira, ndinamutonthoza, kenako ndinakatenga tsache. Koma posesa ndinaganiza za mapazi a Jamila, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire Febuluwale chifuwa changa chinapuma mpaka pansi.

Abwana akalipa kwambiri. Akuti mmisiriyo ndinamubweretsa ndine, ndiye pofika Lachisanu ndiwauze kumene amagona, apite ndi apolisi. Masiku a m'pasipoti ya che Twalibu anatha kalekale. Akagwidwa ndi wa ku Lindela, kumene amasungira anthu obwezedwa kwawo, ndipo akatsikira ku Malawi ndi jumbo yokha m'chaka cha njala. Mu Joni muno wodziwa chitseko chawo ndine ndekha.

Ndili ndi masiku asanu. Mawa ndikaonana ndi Shehe Umar, wa ku Ntaja uja, amene amapempheretsa kumzikiti wa kuno.

Musandilembere kuti ndimukhululukire. Kalatayo ifika mochedwa.

Lukiya


15 Meyi 2016

Okondeka Amayi,

Asalamu alaikum. Kunja kuli chisanu cholasa m'mafupa, dzuwa langotuluka koma silikutentha. Ndili bwino m'thupi. Ndikhulupirira inu, achemwali ndi Jamila mwadzuka. Mukayankha kalatayi musalembe keyala yakale. Wa basi akudziwa kwa Shehe Umar, ndikugona kumeneko ndi akazi awo.

Lachitatu la sabata ija tinapita kumene amagona che Twalibu, ine ndi Shehe ndi mkulu wina wa kumzikiti. Tinawapeza atadzitsekera, phazi litatupa ngati dzungu, atalikulunga ndi malaya. Atandiona anayamba, "Mkazi wanga, Lukiya wanga, mayi wa mwana wanga."

Ndinati, "Mwanayo dzina lake ndani?"

"Aa, Jamila, bwanji?"

"Ali bwanji?"

Anayang'ana Shehe. Sanadziwe ngati ali kuchipatala, kunyumba kapena kumanda.

Ndinati, "Abwana akufuna nambala ya chitseko ichi pofika Lachisanu. Ine ndikufuna talaka lero, pamaso pa akuluakuluwa, yolemba. Wina alandira chake, abwana kapena ine. Sankhani."

"Iwe Lukiya, unayamba liti kuyankhula chonchi?"

"Munandiuza kuti ndigwire tsache. Ndinagwira."

Pamenepo ndi pamene anamvetsa. Anafuna kudzuka, phazi linakana. Anatukwana mpaka Shehe anati, "Che Twalibu, muli ndi alendo." Kenako anapempha cholembera. Ananena mawuwo, analemba, mboni zinasaina. Lachinayi che Twalibu anakwera lole ya ku Durban, ndipo Lachisanu ndinauza abwana zoona, kuti munthuyo wathawa mumzinda. Abwana anafuna kundichotsa, koma adona anandiikira kumbuyo, anati Zahira sagona popanda ine. Ndinaganiza kuti ndapulumuka ndi zonse ziwiri.

Lachiwiri lapitali a Elliam anabwera kudzakonza khoma. Ataona bowo ndi machesi anagwira pakamwa. Anadula powonongeka, naikapo bodi ina, namata. Abwana anali atabweretsa tivi ina yocheperako. A Elliam anaima akukanda mutu, poti miyezi yapita ndipo amanga makoma ambiri. Anaitana m'Chichewa, mosaganiza kanthu, "Chemwali, thabwa lathu lija tinalibisa pati?"

Amayi, dzanja langa linandipereka. Ndinali ndi Zahira kumsana ndi mbale kudzanja lina. Ndinangopita molunjika, osafufuza, ndi kugogoda kawiri. Panamveka mouma.

Adona anali pakhomo. Chichewa sachimva, koma kugogoda anakumva. Anayang'ana dzanja langa, anayang'ana pamene panali bowo, anayang'ana kukhitchini kumene ndinasamutsira mphasa.

"Unkadziwa?"

Bodza linakana kubwera. Ndinati, "Eya."

"Mwana wanga amasewera pamenepo."

"Ndinkamubereka, dona. Sindinamutsitse ngakhale tsiku limodzi."

Sanakalipe. Anangotambasula manja, nati, "Mumasule."

Ndinamasula chitenje. Zahira anagwira kolala yanga, adona anachita kumutanyula zala chimodzichimodzi. Pofika masana ndinali panja pa geti ndi chikwama changa. Sindiwada. Akanakhala Jamila, ine ndikanachita zoposa pamenepo.

A Elliam anandipeza pamsewu, maso ali ofiira, akupepesa. Ndinawauza kuti sanalakwe. Akuti mwina mwezi wamawa adzafuna munthu womata ndi kupala mabodi, koma sanalonjeze. Pakadali pano ndikuchapa zovala m'makomo masiku awiri pasabata.

Choncho mbuzi ija igulitseni. Ndinati musagulitse, tsopano ndikuti gulitsani, mugule chimanga chikadali chotsikirako, musadikire Ogasiti. Mwezi uno ndi wamawa musayembekezere katundu. Ndikudziwa kuti mbale ya Jamila ichepa chifukwa cha ine, ndipo chimenecho ndidzayankha ndekha pamaso pa Allah. Mukafunsa ngati ndikudandaula, msana wanga ndi umene ukudandaula, ukumva mphepo pamene pankagona mwana. Koma mwezi ukatha palibenso amene adzaime pageti kundidikira, ndipo chilichonse chimene manja awa adzapeze chidzafika pakhomo panu chonse.

Mu envulopu muli zinthu ziwiri. Pepala lopindalo ndi talaka yanga. Mukawaonetse ankhoswe, kenako muisunge m'chitini muli makadi a sikelo a Jamila, isanyowe.

Chinacho ndi kamtengo ka machesi, kali ndi guluu kumutu. Ndinakatola pakapeti tsiku lija. Achemwali, tsiku la msika mukapite ku Ulongwe, mukamufunefune Nafisa. Musakatukwane, musakakweze mawu. Mukamupatse moni bwinobwino, mukamuikire m'manja, ndipo mukamuuze kuti ameneyo ndiye katundu yense amene amuna ake amutumizira kuchokera ku Joni chaka chino.

Ndine mwana wanu,
Lukiya

Ndamaliza kulemba Lamulungu, pa 15 Meyi, nthawi ili 9 koloko m'mawa.